Tsiku limene ndinatsekera agogo anu geti

Tiwonge ndi Wongani, ana anga, ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndiye mukapeza mawu opotoka musaseke, muzingowerenga. Lero mumandidziwa ngati mayi wogulitsa tomato ndi zitumbuwa pamsewu, koma ndinavalapo yunifolomu ya ulonda, ndipo mmene ntchitoyo inathera mudzamva kwa anthu ambiri pamudzi pano, aliyense ndi kanenedwe kake. Ndafuna mumvenso kwa mwini wake. Za ubwana wanga ku Dowa ndidzakuuzani pakamwa, mulibe chachilendo. Ndiyambira pomwe ndinalembedwa ntchito.

2018, ku Chiweta

Atate anu atapita ku Joni kukafuna ntchito, ine ndinatsala pamudzi pa makolo awo, mlendo, Chitumbuka ndikungotola mawu apa ndi apo. Thandizo lawo linkabwera mwezi uno, miyezi ina zii. Nditamva kuti kampani ina ya alonda ikulembanso akazi, amene anandilimbitsa mtima ndi agogo anu aakazi, anyaKumwenda. Anati, "Pita nyaBanda, Tiwonge ndizigona naye ine. Mkazi wodikira foni amaonda." Agogo anu aamuna, a Mhango, sanakondwe nazo, koma sanandiuze okha, poti kuno mpongozi wamwamuna sayankhulana ndi mkamwana wake maso ndi maso, samuyandikira, samukhudza. Tikakumana panjira ine ndimapatuka n'kugwada chapatali, iwo amadutsa akuyang'ana kumbali. Mawu awo amandipeza kudzera mwa mlongo wawo, amene atate anu amati ankhazi, ndipo inenso ndimatero. Uthenga wa nthawi imeneyo unali umodzi: agwire ntchitoyo, koma thalauzi lisaoneke pamudzi pano. Ndiye chitenje sichinkachoka m'chikwama changa.

Chinanso muchidziwe msanga, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Kwathu ku Dowa banja likatha ana amapita ndi mayi awo. Kuno ayi. Ng'ombe za malowolo zikaperekedwa, ana ndi a kwa bambo, mkazi akachotsedwa amanyamula chikwama chokha. Ine zimenezi ndinazimva tsiku la ukwati, ndinangoseka, ndimvekere ndani angandichotse ine.

Anandiika pa sitolo ina yopikulitsa ku Chiweta, m'mbali mwa msewu waukulu. Kutentha kwake kumeneko, fungo la usipa pathandala, malole akutsika phiri mabuleki akununkha ngati apsa, ine ndaima pakhomo ndi chibonga chomwe sindinamenyepo nacho ngakhale galu. Jombo zinalipo za amuna zokhazokha, ndinkatsendera nsanza kutsogolo kuti zisamavuke. Bwana wathu anali a Msiska, ankayendera malo onse pa njinga yamoto, munthu wosaseka koma wosanyoza. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku jombo zija n'kunena, "Mayi, mukunjenjemera." Ndinati, "Eya bwana, ndine wamantha." Anati, "Yewo, amantha ndi amene ndimawafuna. Olimba mtima amagona." Ndipo zoona, mantha anandiphunzitsa kuona. Ndinkadziwa munthu amene walowa jekete lili lopepuka n'kutuluka likulendewera mbali imodzi, ndinkadziwa amayi amene mwana wawo kumbuyo wanenepa mwadzidzidzi ndi mapaketi a shuga. Sindinkakuwa. Ndinkangoyandikira n'kunena chapansipansi kuti amama, mwaiwala kulipira china, iwo n'kubwerera okha.

2020, pageti la chipatala

Atate anu anabwera pa Khirisimasi n'kubwereranso, iwe Wongani unabadwa chaka chotsatira. Nditachira ndinapempha a Msiska malo apafupi ndi kumudzi, anandipatsa geti la chipatala china chaching'ono cha m'dera lathu, mtunda woti ndinkapita wapansi n'kubwerako tsiku lomwelo. Ndinkagwira masana pamodzi ndi a Nyirenda, bambo wachikulire wokonda nthabwala ndi tiyi. Sindinakhalitse, za kolona zinayamba kumveka pa wailesi. Sukulu zinatsekedwa. Zoti dziko lonse likhale m'nyumba a khoti analetsa, anthu anapitiriza kupita kumsika, koma ife pageti kutseka kunali kwenikweni. Wodwala mmodzi, womudikirira mmodzi. Ozonda odwala ayi. Wopanda masiki abwerere. Aliyense asambe m'manja pa ndowa.

Kunena n'kosavuta. Inu simudziwa mmene anthu akuno amabwerera kudzaona wodwala, mudzi wonse, ndi mabasiketi a chakudya, ena achokera ku Mwazisi m'bandakucha, ndiye iwe mtsikana wa ku Dowa uwauze kuti bwererani. Ananditukwana m'zinenero ziwiri. Sopo ankatha, tinkadula kachidutswa n'kukamangirira ku ndowa ndi chingwe kuti kasayende. Masiki a kuchipatala sankatikwanira ife alonda, anga anandisokera agogo anu aakazi ndi nsalu yotsala ku diresi lawo la chigwirizano. Kamfuti koyezera kutentha kanatha mabatire, a Nyirenda ankangokaloza pamphumi pa anthu choncho chili chozima n'kumati, "Muli bwino, pitani." Nditawafunsa anati, "Mwana wanga, bola aziona kuti boma likuyang'ana." Ine zimenezo zinkandidwalitsa mutu, ndinavutitsa a sisitala, namwino wamkulu, mpaka mabatire anapezeka.

Koma mantha anga enieni anali madzulo. Ndikafika pamudzi sindinkalowa m'nyumba, ndinkazungulira kuseri kubafa, kuvula zonse, kusamba mpaka khungu kuwawa, iwe Wongani utamva kale mawu anga ukulira m'manja mwa agogo ako, mabere anga akuwawa, ine ndikungoti dikira mwanawe, dikira. Agogo anu ankaseka. Ankati, "NyaBanda, udzatha ngati sopo." Masana onse inu munkakhala kwa iwo. Tiwonge, iwe unkagona nawo mphasa imodzi, kudya mbale imodzi, ukalakwa unkathawira kuseri kwa chitenje chawo.

Januwale 2021

Matenda aja anabweranso mwamphamvu nthawi ya mvula, ndipo ulendo uno sanali a pa wailesi. Kuseri kwa chipatala anakhoma tenti yaikulu ya odwala kolona okha. Anthu anayamba kunong'onezana kuti wolowa mu tenti satuluka, kuti botolo la mpweya lija ndi limene limamaliza anthu, kuti ukafera mmenemo amakukulunga mu pulasitiki abale ako osakuona nkhope. Chomalizachi chinali choona, ndipo ndi chimene chinkaopsa kuposa imfa yeniyeniyo.

Agogo anu aakazi anayamba ndi chifuwa, kenako kulephera kufika kudimba, kenako kulephera kumaliza mawu. Ine ndinazindikira kapumidwe kaja, ndinali nditakamva pageti kangapo. Ndinakuchotsani kwa iwo n'kukutsekerani m'nyumba mwathu, ndinachonderera ankhazi mpaka anavomera kuti tiwatengere kuchipatala. Anawayeza, anawapeza nawo, anawalowetsa mu tenti n'kuwaika pa mpweya. Pamudzi anayamba kunena kuti mkamwana wapereka apongozi ake.

Patapita masiku angapo, m'mawa wina adokotala athu, a Chirwa, ananyamuka ndi ambulansi kupita ku boma kukatenga mabotolo ena a mpweya, poti otsala anali ochepa. Anaima pageti n'kutsitsa galasi. Anati, "Mayi Banda, a sisitala atsala okha. Ku tenti kulibe wolowa, kulibe wotuluka, mpaka ndibwere. Apongozi anu aja akangochoka pa mpweya safika ngakhale pa mlatho wapafupiwu."

Dzuwa lili pamutu ndinaona ngolo ikubwera kutali. Ng'ombe zake ndinazidziwa msanga, yakuda yothyoka nyanga ndi inzake yofiira, za pakhomo pathu. Mu ngolo munali matiresi ndi bulangeti. Pambuyo pake a Mhango atavala jekete la kutchalitchi, ankhazi, mlamu wanga Yotamu, mng'ono wa atate anu, ndi amuna ena a pamudzi. A Nyirenda nawonso anaona. Anandipatsa kiyi m'manja n'kunena, "Mwana wanga, awo ndi eni ako, ukambirana nawo bwino ndiwe. Ine m'mimba mwandivuta chiyambire m'mawa." Ndinangoona msana wawo ukukhota kuseri kwa nyumba ya alonda.

Ndinaganiza zinthu zambiri nthawi imodzi. Ndikatsegula, agogo anu achoka pa mpweya, ndipo akafika amoyo akagona pamudzi pomwe pali inu, bafa limodzi, khitchini imodzi, Tiwonge amene sumva kuletsa pa za agogo ako. Ndikakana ndili chiimire mkati, thalauzi lili poyera, ndikuyankha apongozi aamuna kudzera m'zitsulo za geti, ndiye kuti ndawatukwana pamaso pa anthu, loko aphwanya ndithu, ine ulendo wa ku Dowa wopanda inu. Konsekonse ndinkaona inu. Sindinganene kuti ndinapangana ndi mutu wanga, thupi linangochita zomwe linazolowera likaona a Mhango. Ndinakokera chitenje m'chikwama n'kumanga pamwamba pa yunifolomu, ndinatuluka panja, ndinakoka geti n'kukhoma loko, kiyi ndinamuponya m'kati mwa bulauzi, kenako ndinagwada pomwepo, msana utatsamira geti, loko ali kuseri kwa mutu wanga.

Ngolo inaima. A Mhango anaima pomwe amaima nthawi zonse akandiona, chapatali, nkhope kumbali. Zonse zinayankhulidwa m'Chitumbuka, ine ndikulemba m'chinenero changa.

Anati kwa ankhazi, "Muuzeni mkamwana atsegule. Tabwera kudzatenga mayi wake."

Ankhazi anatembenukira kwa ine. "Wamva."

"Auzeni adada kuti ndamva, yewo chomene. Auzeni kuti adokotala kulibe, ndipo anena kuti amama akachoka pa mpweya safika kunyumba."

Ankhazi anabwereza mawu anga onse, ngakhale a Mhango anali atawamva okha.

"Mufunseni ngati mpweya wa m'botolowo waposa wa Mulungu umene tonse tikupuma kunja kuno."

"Auzeni adada kuti ine za mpweya sindinaphunzire. Ndauzidwa za geti."

Yotamu anabwera pafupi. Mukudziwa mmene ine ndi iye tinkaserewulana, chilamu, iye kunditcha Mchewa wodya mbewa, ine kumutcha mbeta yaimuna. Tsiku limenelo maso ake anali ofiira. Anati, "Mlamu, lero si la nthabwala. Kampani yakoyo inakulowola ndi ng'ombe zingati kuti uziimvera kuposa ife? Bweretsa kiyi."

Ndinati, "Alamu, kiyi ali pomwe simungafike."

Amayi ena odikirira odwala anali ataunjikana mkati mwa mpanda kuonerera, wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Yotamu anayang'ana pachifuwa panga, anayang'ana atate ake, manja anawabweza m'thumba.

Pamenepo ankhazi anadzanjuta pambali panga, masiki ali pachibwano, n'kuyankhula motsitsa kuti amuna asamve. Anati, "Mwana iwe, ukudziwa chimene ukuchita? Mayiyu akafera muno, akakulungidwa mu pulasitiki ife osamusambitsa, pamudzi paja sukhalapo. Ukwera basi ndi chikwama chokha. Wongani ndidzamulera ine ndi phala."

Atangotchula dzina lako, Wongani, mkaka unayamba kutuluka wokha, ndinaumva ukunyowetsa bulauzi pamodzi ndi kiyi uja. Ndinati, "Ndikudziwa, ankhazi. Koma tikawatengera kunyumba, Tiwonge adzamuletsa ndani kulowa kwa agogo ake? Inu mudzawasambitsa, mudzawamwetsa, kenako mudzanyamula Wongani ndi manja omwewo. Ndilolera kuti ana anga akhale kwa inu ali moyo, ine ndili ku Dowa."

Ankhazi anati, "Mutu wako ndi wouma ngati wa mwamuna wako," n'kudzuka.

Yotamu anapita ku ngolo n'kubwera ndi nkhwangwa. Amayi aja mkati anabalalika. Anati, "Suntha mlamu, sindikufuna iwe, ndikufuna lokoyo." Ine sindinasunthe. Ndinangokweza mutu pang'ono kuti uphimbe loko bwinobwino, ndinatseka maso. Kuti amenye loko anayenera kuima pamwamba panga, kunditangadza, kapena kundikoka. Ndinamva fungo la thukuta lake, ndinamva jombo yake ikuponda m'mphepete mwa chitenje changa.

"Yotamu."

Anali a Mhango, sanakweze mawu.

"Mkazi wa mkulu wako ameneyo, wagwada. Ukufuna umudumphe ine ndili moyo, ndikuona?"

"Adada, amama akufa mkatimu."

"Ndati chotsa phazi pa nsalu yake."

Nkhwangwa inabwerera mu ngolo. Koma sanachoke. Iwo sakanandikhudza, ine sindikanadzuka, tinangokhala choncho. Kenako mvula inabwera, ija yoyambira ku mapiri ukuiona ikuyenda. Amuna ena anathawira pakhonde la kagolosale tsidya la msewu, ankhazi anafunda chitenje kumutu n'kukhala pa ngolo. A Mhango sanasunthe. Anaima pamvula ndi jekete lawo la kutchalitchi, madzi akutsika m'chipewa, ine ndagwada m'matope, timiyala tikulowa m'mawondo. Sindinkawayang'ana nkhope, ndinkaona nsapato zawo zokha zikumira pang'onopang'ono. Nthawi ina anayamba kuyankhula, osati kwa ine, osati kwa ankhazi, ngati akuuza ng'ombe zija. Anati, "Chimukwatire sanagonepo malo opanda munthu womupatsa madzi. Amadzuka ndi ludzu, amafuna wina amuyitane dzina." Mawu amenewo anandipweteka kuposa nkhwangwa ija. Ndinalira, dzanja linafika mpaka pa bulauzi, ndinamugwira kiyi. Ndinamusiya momwemo.

Ambulansi inafika dzuwa litapendeka, mvula itasanduka yowaza. A Chirwa anatsika, anaona ngolo, matiresi onyowa, ine pansi, sanafunse zambiri. Anapita kwa a Mhango, anavula chipewa, anayankhula nawo nthawi yaitali. Kenako anabwera kwa ine kuti nditsegule. Ndinatembenukira ku geti kuti nditulutse kiyi anthu osaona, koma kudzuka kunakanika, anachita kundidzutsa amayi awiri a mkati muja geti litatsegulidwa. A Chirwa anawaveka a Mhango masiki ndi chovala cha pulasitiki n'kuwatenga okha mpaka pakhomo pa tenti, kuti aone akazi awo ali chapatali. Zomwe anaona sindikudziwa, sananenepo. Atabwerera, a Mhango anadutsa pambali panga akuyang'ana kumbali monga mwa masiku onse, anangouza Yotamu kuti, "Tembenuza ng'ombe."

Nditafika pamudzi madzulo ndinasamba monga mwa chizolowezi, ndikudabwa kuti sindikumva kulira kwako Wongani. M'nyumba munalibe munthu. Ankhazi anali atakutengani kupita nanu kwawo, kutsidya kwa mtsinje, ndipo anasiya mawu kwa mnansi kuti ndisakulondoleni mpaka nkhani idzakambidwe.

Febuluwale 2021

Agogo anu aakazi anamwalira mu tenti muja sabata isanathe. Ine ndinali pageti, ndinamva kwa a sisitala. Anawaika m'manda anthu ovala zoyera, abale ataima patali, osawasambitsa, osawaona nkhope, monga momwe ankhazi ananenera. Ine ndinauzidwa kuti ndisayandikire. Ndinaima m'munda wa chimanga kuseri kwa manda, nyimbo ndikuimba nawo chamumtima. Munthu amene anandilandira pamudzi pano ngati mwana wake ndinamuperekeza choncho, ndili m'chimanga.

Masiku amenewo ndinkapitabe kuntchito, poti kukhala m'nyumba yopanda inu ndikanapenga. Mabere anatupa, ndinkakama kuseri kwa nyumba ya alonda mkaka n'kumathira pansi. Atate anu ku Joni nako kunali kotseka, sakanatha kubwera. Anaimba foni n'kunena, "Bwanji sunangotsegula, iwe? Geti ndi lako?" Ndisanayankhe foni inaduka, sanaimbenso sabata imeneyo. A Nyirenda ankandibweretsera tiyi osandiyang'ana m'maso. Ndinkamwa.

Nkhani inakambidwa pansi pa chigafa cha fodya, anthu ochepa chifukwa misonkhano inali yoletsedwa. Amalume anga a ku Dowa, ankhoswe anga, anatumiza mawu kuti mayendedwe avuta. Ndinali ndekha, ndagwada kumapeto kwa chigafa, ankhazi atakhala pakati pa ine ndi amuna. Yotamu anayankhula, abambo ena aang'ono a atate anu anayankhula, onse mawu amodzi: anatsekera mayi wathu kwa alendo, anachititsa manyazi apongozi ake, mwini mudzi, pamsewu, apite kwawo. Kenako anati ngati ndili ndi mawu ndinene. Ankhazi anandinong'oneza kuti, "Pepesa basi, unene kuti unaopa bwana." Ndikanatha kutero. Ndinati, "Auzeni adada kuti amama ndikuwalira usana ndi usiku, ndipo zoti anapita opanda wowapatsa madzi zidzandiwawa mpaka ndidzafe. Koma sindinaope bwana. Ndinaopera ana. Atandibwezera tsiku lija ndingagwadenso pomwe paja."

Ankhazi anapumira m'mwamba, koma anabwereza mawu onse osachotsapo.

A Mhango anali ataonda, jekete likuwakhuthukira. Anakhala akukanda pansi ndi ndodo, kenako anafunsa amuna aja, "Alipo anamumva akutukwana?" Anafunsanso kuti, "Alipo anamuona ataimirira pamaso panga?" Yotamu anati, "Adada, si nkhani ya kuimirira." Iwo anati, "Ndiye ndi nkhani ya chiyani imene ndikanene ku Dowa? Mkazi sabwezedwa chimanjamanja, amabwezedwa ndi mlandu wake. Ndikafike kwa eni ake ndikati tengani mwana wanu, anandigwadira pamvula? Adzandiseka." Kenako anatembenukira kwa ankhazi. "Muuzeni mkamwana kuti mtima wanga sunamukhululukire, mwina sudzatero. Koma mlandu ndilibe naye. Akatenge ana ake. Chinthu chimodzi, zovala zija sindifuna kuzionanso, ngakhale pa chingwe, ngakhale pansi pa chitenje. Asankhe."

Panalibe chosankha. M'mawa mwake ndinachapa yunifolomu, ndinaipinda, ndinaika jombo pamwamba, ndinadikira a Msiska pageti. Anamvetsera zonse atakhala pa njinga yawo. Anati, "Ndikhoza kukusamutsirani ku Njakwa, sadzakuonani." Ndinati, "Adzamva, bwana. Kuno chinthu sichibisika." Anamangirira katunduyo kumbuyo kwa njinga, kenako anati, "Kampani ilibe chokupatsani, mayi. Ine ndingoti yewo." Ntchito ndinkaikonda, musadzamve wina akunena kuti ndinatopa nayo. Inali chinthu choyamba chomwe chinali changachanga.

Kuchoka pamenepo sindinapite kunyumba, ndinawoloka mtsinje madzi akufika m'chiuno mpaka kwa ankhazi. Tiwonge, iwe unandiona ndili kutali, unathamanga n'kudzandigwera m'miyendo, ukufunsa ngati agogo abwera nane. Ndinakuuza zoona pomwepo, unalira, ndinalira nawe. Koma Wongani unali pakhonde, wagwira kapu ya phala ndi manja awiri, mutu atakumeta. Unandiyang'ana ngati munthu wodutsa ndi njira. Nditatambasula manja unatembenuka n'kukabisa nkhope m'chitenje cha ankhazi. Iwo anati, "Wazolowera, bere waiwala. Mutenge ndi mphamvu, alira pang'ono asiya."

Ndinati ayi. Ndinakhala pansi pabwalo, patali pang'ono, miyendo nditatambasula, Tiwonge ali pambali panga. Sindinakuyitanenso. Ankhazi analowa m'khitchini, nkhuku zinadutsa, mthunzi wa nyumba unasuntha mpaka kundipeza. Unasuzumira, unabisala, unasuzumiranso. Kenako unatsika pakhonde chobwerera m'mbuyo monga unkachitira, kapu ili m'manja, phala likutayikira, unayenda mpaka pa mapazi anga n'kuima. Unandipatsa kapu ija kuti ndimwe. Ndinamwa phala lozizira lonse, ndinakuberekera kumbuyo, Tiwonge ndinamugwira dzanja, tinapita kukafuna powolokera posazama.